Batani la akuluakulu linameza dzina la azakhali

Lachiwiri ndinaperekeza azakhali anga ku kachipatala kena kolipira ku Area 47. Anabwera kuchokera ku Mitundu miyendo itatupa, mankhwala awo a BP atatha.

Kumeneko simuima pamzere. Mlembi amalowetsa dzina pakompyuta, inu n'kukhala pansi kumayang'ana sikirini yapakhoma. Dzina la azakhali linalipo, ndinaliona ndi maso angawa.

Kenako kunatulukira bambo wina wa ku Area 12, dalaivala atamunyamulira chikwama. Mlembi anaimirira, n'kudina batani. Dzina la bamboyo linakwera pamalo achiwiri. Maina onse a pambuyo pake anazimiririka.

"Ndi netiweki imeneyo, dikirani," anatero mlembi.

Tinadikira. Adokotala anaona anthu awiri amene anatsala pasikiriniwo, kompyuta yawo inawauza kuti odwala atha, iwo n'kutulukira khomo lakumbuyo ulendo wa ku City Centre.

"Iwe, kodi ndafa kale ine?" anandifunsa azakhali. "Poti ndi dzina lomwe alifafaniza."

Ndinafunafuna amene analemba pulogalamuyo. Ndi a Mbewe, bambo ofatsa, ndipo sanabise kanthu. Anati mzere wa odwalawo anaumanga m'njira yomwe a zamakompyuta amaitcha linked list. Palibe dzina lomwe limadziwa mzere wonse. Lililonse limangosunga adiresi ya dzina lotsatira, basi.

Kuwonjezera dzina kumapeto n'kosavuta: lomaliza limaloza latsopanolo. Koma kulilowetsa pakati kumafuna zinthu ziwiri, motsatana. Choyamba, dzina latsopano ligwire lomwe lizibwera pambuyo pake. Kenako lakutsogolo lisiye lomwe linagwira, ligwire latsopanolo. Mukadumpha choyambacho, onse akumbuyo amasowa wowaloza. M'kompyutamo alimo, koma njira yowafikira palibe.

"Ndiye munadumphiranji, a Mbewe?"

"Mayi, batani limenelo kunalibe. Abwana a pachipatalapo anandiuza Lolemba kuti pofika mawa likhalepo. Sindinaliyese n'komwe."

Kulakwitsa kwa a Mbewe ndingakumvetse. Chomwe chikundiwawa ndi batanilo. Likanakhala la odwala mwakayakaya, ndani akanatsutsa? Koma ndinaliona: analilemba kuti VIP.

Inu owerenga mukudziwa mmene zimakhalira ku Old Town. Wina akafuna kulowerera pamzere wa kubanki kapena wa mafuta, amayamba walimbana ndi maso athu. Amayi ena amakuwa kuti, "Kumbuyo, achimwene! Ifenso tili ndi kopita!" Nthawi zina amachita manyazi n'kubwerera.

Tsopano khalidwe lomweli talilemba m'pulogalamu. Wolowererayo sakhudzana ndi munthu. Amangokhala phee pampando, dzina lake likudumpha lokha. Mungakuwire ndani? Khoma?

Azakhali anakwera minibasi madzulo a Lachiwiri lomwelo osaonana ndi dokotala. Mankhwala ndinawagulira kufamase potengera paketi yakale, koma miyendo yotupayo palibe anaiona. Ndikuwanyengerera kuti abwerenso. Akukana.

Lachinayi a Mbewe anandiimbira foni, mawu ali osangalala.

"Ndakonza, mayi. Pano dzina silingasowenso. Wa VIP akalowa, aliyense azingobwerera m'mbuyo bwinobwino."

"Bwanji osangolichotsa batanilo?"

"Aaa, zimenezo mufunse abwana."

Ndiye ndikufunsa pompano. Abwana, tsiku lomwe a VIP adzabwere otsatizana mpaka madzulo, mayi wa ku Mitundu adzalowa nthawi yanji?