Ng'ombe zimene agogo anaikiza ku Kabudula

"Ukapeza kanthu, nkhope isasinthe." Anandichenjeza motero agogo aBanda, bambo awo a mayi anga, tili m'chigafa ku Nsaru, utsi wofukiza fodya ukutiluma m'maso, iwo akusonkhezera zikuni zaziwisi atavala kabudula wawo wa zigamba.

Kale ankaphikira mzungu ku Halale. Matikiti a lotale, mpikisano wopata ndalama mwamwayi, ankagula azungu okha, ndiye iwo anagulira mwa bwana wawoyo, mwayi n'kuwagwera. Bwana anatapako zake, komabe ndalama zotsalazo zinali zambiri.

Anzawo ochokera ku Joni ankabwera ndi njinga ndi galamafoni, pakutha pa chaka n'kugulitsa zonse. Agogo ayi. Mowa ankamwa wopatsidwa, sopo ankadula ndi mpeni. Pamudzi pathu anali mkamwini, ndipo ankaopa maso a anthu. Choncho anagula ng'ombe mwakachetechete n'kukaziikiza ku Kabudula kwa Yohane, mwana wa mlongo wawo, osauza mudzi.

Chaka cha njala chitafika, mng'ono wanga Nasiwelo anayamba kutupa miyendo. Agogo anati akatenge ng'ombe imodzi, agulitse, tigule chimanga. Ine ndinawanyamulira chingwe. Tinapeza khola lodzaza, likununkha ndowe yatsopano, ana a ng'ombe akulira.

"Zanu zija zinafa ndi matenda, malume," anatero Yohane. "Izi n'zanga."

"Zonse, mphwanga?"

"Zonse. Kodi pozibweretsa munali ndi ndani, kuti timufunse?"

Anali okha. Atakadandaula pabwalo, akuluakulu anaseka mpaka kutsokomola. "Inu aBanda, ng'ombe? Mwina mukunena nkhuku, eti?" Umphawi umene anauvala mwadala uja, anthu onse anali ataukhulupirira.

Tinabwerera ndi chingwe chathu. Nasiwelo tinamuika mvula isanagwe. Yohane anabwera pamaliro, anakhala kutsogolo, analira kuposa ife. Agogo anamupatsa moni ndi manja awiri, ndipo mpaka kufa kwawo sanatchulenso mawu akuti ng'ombe.

Wodya zake pamsewu amaluza, wosunga nayenso amaluza, koma woyambayo amakhala atakwerako njinga. Lero nanenso ndakalamba, ndipo adzukulu anga amati ndiwapatse kangachepe kanga akandisungire. Ndimawathokoza, n'kuyang'ana kumene maso awo akuloza. Ena analeka kubwera, ndipo sindiwaimba mlandu.

Koma miyendo yayamba kundikana. Mukamadutsa pa Nsaru, dzapatukeniko mudzaone ngati ndadzuka. Mudzaodire muli pabwalo, ndipo musadzakwiye ndikachedwa kutsekula. Ndimayamba ndasuzumira.