Zaka Zitatu za Shonda Zimene Sukulu Inakana

Shonda Pettway wa ku Selma anali namwino wa m'chipinda chimene odwala amatsitsimukiramo akachoka ku opaleshoni. Anadzutsa anthu zaka zitatu, mtima uli pa sukulu yophunzitsa anamwino kugoneka odwala ndi mankhwala. Iye ankayesa kuti wodzutsa ndi wogoneka ndi pachibale.

Kalata ya kusukuluko inamuimitsa mutu. Inati zaka zakezo si kanthu, iwo amafuna munthu amene wagwirapo chaka chathunthu m'chipinda cha odwala mwakayakaya.

Ntchito zotero zinapezeka ziwiri, ina pachipatala chaching'ono cha kwawo komweko, ina pachipatala chachikulu cha ku Birmingham, kwa odwala mtima. Anakafunsa Mayi Odessa, namwino amene anakalambira pantchitoyi.

"Kwanu kuno wodwala akafika povuta amatani naye?" anafunsa mayiwo.

"Amamukweza ndege, wa ku Birmingham."

"Ndiye iwe ukufuna kuphunzira kubayibitsa ndege?"

Shonda anaseka, nati basi apita ku Birmingham.

"Usathamange, mwanawe. Kumeneko mlendo samupatsa wodwala wovuta. Chaka chingathe ukungogwirira anzako chitseko."

"Nanga nditenge iti, mayi?"

"Ine ndinatenga yolakwika, ndifunsenso?"

Shonda anabwerera kuntchito makalata a ntchito ziwiri zija ali m'thumba. Bambo wina amene anachitidwa opaleshoni ya bondo anatsegula maso n'kumugwira dzanja.

"Anesi, ndili kuti? Zatheka?"

Funso limeneli Shonda ankaliyankha kakhumi pa tsiku osaganiza n'komwe. Tsiku limenelo anamuyang'ana bamboyo n'kugwira makalata aja m'thumba, poti nayenso sankadziwa pamene ali ndi kumene akupita.