Njereza ya a Mervin

A Mervin Nantchengwa anagwira ntchito zaka makumi atatu m'fakitale ya tiyi ku Thyolo, akuyang'anira makina opera masamba. Popuma anatulukamo ndi khutu limodzi logontha komanso chizolowezi chopaka njereza pamfundo iliyonse ya chitsulo imene amanga. Chitsulo chikayamba kutopa, mng'alu umayamba kuonekera panjerezapo, wopyapyala ngati tsitsi.

Tsopano ankakonza njinga zamoto kuseri kwa msika wa Luchenza. Sanali munthu wa mawu ambiri.

Mkamwini wawo, Philip, ankanyamula anthu pa kagalimoto kake. Anachotsamo injini n'kuikamo ina yaikulu, kuti azikwera zitunda za m'minda ya tiyi mosavuta. Galimoto inathamangadi, koma akaponda moto injiniyo inkadzigwedeza ngati ng'ombe yokana goli. Ndiye anaitanitsa dampa, kachitsulo konga pampu ya njinga, komangirira injini ku thupi la galimoto. Anapempha a Mervin kuti amumangire.

"Bambo, mabawuti awiri okha basi," anatero Philip, anzake a pa siteji atazungulira. "Anyamata a mipikisano ku Joni amaika zomwezi."

"Galimoto zawozo zimayendanso m'maenje a kwa Chimaliro?"

"Aaa, bambo, inu mumaopa ndi wilibala yomwe!"

Anthu anaseka. A Mervin anangomwetulira, poti mpongozi sakangana ndi mkamwini pagulu. Malo omangapo analipo amodzi okha, pa chitsulo chopyapyala chimene chimagwira tayala lakutsogolo kumanzere. Anamanga, kenako anapakapo njereza.

"Mwaipaka ngati manda bwanji?" Philip anafunsa.

Injini inakhaladi bata, koma a Mervin ankadziwa kuti mphamvu siifa. Ukaitsekera uku, imakatulukira uko. Kale inkathera m'mphira zogwira injini, tsopano inkamenya pachitsulo chija. Chikanathyoka pamtsetse, tayala likanalowera kwake.

Ndipo pampando wa pamwamba pa tayala limenelo pankakhala Esnat, mwana wawo mmodzi yekhayo, mphunzitsi, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.

Kuyambira tsiku limenelo a Mervin sankadya bwino. Ambulansi ikalira mumsewu ankaika sipanala pansi, n'kutembenuzira khutu lakumva kumeneko mpaka phokoso lizilale. M'mawa uliwonse ankaima pa siteji ndi chigubu.

"A Philip, tatsegulani boneti ndione madzi."

"Madzi a dzulo omwe aja, bambo?"

Ankathira pang'ono, maso ali panjereza.

Lachisanu la sabata yachitatu, Esnat ankapita kusikelo ku Thyolo. Galimoto inali itadzaza, matumba a nthochi ali kumbuyo. A Mervin atawerama anaona panjereza paja katsitsi kakuda kochokera pabawuti kutsikira kutayala. Anapukuta magalasi awo. Kanali pomwepo. Anakapemerera mpweya, koma sikanachoke.

Kulankhula kunali kumuvula mkamwini pamaso pa anzake, ndiponso kuvomera kuti manja omanga anali awo.

"Esnat, tsika."

"Ababa, tichedwa kusikelo."

"Tsika, mwanawe."

"Madala, ena tili ndi maulendo!" anakuwa mayi wina kumbuyo. "Ngati mwamusowa mwana wanu mukamuchezere Lamulungu!"

A Mervin anachita chimene anali asanachitepo. Anagwira dzanja la mkamwini wawo, n'kuika chikhadabo chake pamng'alupo.

"Gwirani pomwepo. Inu anyamata, tagwedezani galimotoyi."

Ataigwedeza, mng'alu unatseguka n'kutsekeka, kutseguka n'kutsekeka, ngati kamwa la nsomba. Philip anachotsa chala msanga. Anayang'ana tayala, kenako mkazi wake.

"Mayi a kunyumba, tsikani," anatero ndi mawu otsika. "Nonse tsikani."

Dampa anaimasula m'mawa womwewo. Sipanala inawapulumuka a Mervin kawiri.

"Bambo, munanena," anatero Philip.

"Ndinamanga ndine. Tiwotcherera chitsulo china apa, ndipo mukagule mphira zolimba za injini. Muilole izigwedezeka pang'ono."

Esnat anakwera minibasi. A Mervin anaima m'mbali mwa msewu, njereza ili m'manja, akuyang'ana minibasiyo ikutsetsereka pakati pa minda ya tiyi, itapendekera mbali imodzi. Sankadziwa amene anamanga mabawuti ake. Anaimabe pomwepo mpaka foni inalira, Esnat akuti wafika.