Mathiripisi a mu Mkuyu wa kwa Mposa

Ntchito ya ulangizi ndinayambira kwa Kalembo, zaka za m'ma 1970 zitangolowa, nditangokwatira kumene. Ntchito yanga yeniyeni inali ya thonje: kuyendera minda, kufufuza mbozi, ndi kuphunzitsa alimi kupopera mankhwala. Chaka china alangizife anatiitanira kumalo ofufuzira za thonje, ndipo kumeneko bambo wina wophunzira za tizilombo anatipempha chinthu chimene anzanga ambiri anachiyesa chibwana. Ankafuna kudziwa mitundu ya mathiripisi imene ili m'dziko muno, ndiponso kumene mtundu uliwonse umakhala.

Mathiripisi ndi tizilombo tating'ono zedi, towonda ngati kanyenyeswa ka ulusi. Alimi ankangowatcha nsabwe, koma si nsabwe iyayi. Ukawaona pa kagalasi kokulitsira, mapiko awo ali ndi ubweya m'mbali ngati nthenga. Bamboyo anatiuza kuti ali m'magulu awiri akuluakulu. Gulu lina, aakazi ali ndi kasowo kochekera tsamba pofuna kuikira mazira m'kati. Gulu linalo kumchira kwake kunatha ngati kapaipi, ndipo mazira amangowasiya pamtunda. Aliyense anatipatsa mbale yoyera, kaburashi, kagalasi ndi timabotolo ta sipiriti. Umagwedezera duwa kapena tsamba pambalepo, n'kutola tizilomboto ndi kaburashi konyowa, n'kutiponya m'sipiriti kuti tisawole.

Ine ntchitoyi inandilowa m'magazi. Pa thonje longomera kumene la kwa Kalembo ndinkapeza ofiirira. M'madimba a anyezi cha ku Nkaya munali otuwa, obisala m'khosi mwa anyezi, amene ankayeretsa masamba ngati wawaza phulusa. M'maluwa a khobwe munali akuda bii, onyezimira, ndipo amenewa ndinkawapeza kulikonse kumene njinga yanga yafika. Onsewa anali a gulu la kasowo. A kapaipi aja ndinali ndisanawaonepo.

Tsiku lina ndikudikira sitima pa Nkaya, anyamata a chipani anabwera kudzafunsa makhadi. Popisa m'chikwama mofulumira ndinagwetsa kabotolo kamodzi, ndipo kanasweka pa simenti. Khadi ndinaonetsa, iwo anapitirira, koma fungo la sipiriti linatsala pamalaya anga. Pafupi nane panali wogulitsa matemba wina wa kwa Mposa, kwawo kwa mkazi wanga. Tinapatsana salamu bwinobwino, ndipo sindinaganize kalikonse.

Ine ndine Msilamu, ndipo apongozi anga aamuna anali amwalimu, ophunzitsa ana Kurani pamzikiti wa m'mudzimo. Ine ndi mkazi wanga titapita kukacheza kwa Mposa, khobwe ali pa maluwa, ndinaona kuti zinthu sizili bwino. Apongozi anandiyankha moni ndi mawu ochepa, akuyang'ana kumbali. Mkazi wanga atachoka kukhitchini kwa amayi ake anandinong'oneza kuti mudzi wonse ukuti ndinayamba kachasu, ndipo ndimayenda naye m'timabotolo.

Lachisanu titatuluka mumzikiti, apongozi anandiitanira kuseri kwa nyumba, kumene kunalibe anthu. Anakhala pa mpando, ine pansi. Analankhula m'Chiyao, pang'onopang'ono, kuti anandipatsa mwana wawo chifukwa ankandiona ngati munthu woopa Mulungu, ndipo safuna kumva za ine kwa ogulitsa nsomba.

"Ndiuzeni nokha," anatero. "M'chikwama mwanumo muli chiyani?"

Ndinatenga chikwama n'kutulutsa zonse. Anatsegula kabotolo kamodzi, ananunkhiza, n'kukwinya nkhope.

"Uwu si mowa?"

"Ndi sipiriti, Baba, wonga wa kuchipatala uja amapaka asanabaye jakisoni. Sanafikepo pakamwa panga. Ndimasungiramo tizilombo."

Anakweza kabotoloko padzuwa. Munali timadontho takuda pansi pake, ndipo anati akungoona zinyalala. Ndinawapempha kuti tipite limodzi kumunda kwawo, ndikawaonetse tamoyo. Anadzuka n'kuvala nsapato.

Kumundako ndinathyola duwa la khobwe, n'kuligwedezera pa mbale. Tizilombo tambiri tinagwa, n'kuyamba kuthamanga uku ndi uku. Ndinawapatsa kagalasi ndi kuwaonetsa kagwiridwe kake, pafupi ndi diso. Poyamba sanaone kanthu. Atapeza poyenera anagwada m'munda momwemo, mkanjo wawo woyera ukukhudza dothi, ndipo anayang'ana nthawi yaitali. Ndinawamva akutamanda Mulungu chapansipansi kuti, "Subuhanallah."

Atadzuka mafunso anali ambiri. Anafuna kudziwa ngati timeneti n'timene timayoyola maluwa a khobwe, ndipo ndinati inde. Anafunsa ngati tonse ndi ta fuko limodzi. Ndinawafotokozera za ofiirira a thonje ndi otuwa a anyezi, ndi za magulu awiri aja, n'kuwauzanso kuti a kapaipi ndimangowamva, sindinawaone. Apa anakumbuka kuti ali mwana, akamasewera pansi pa mkuyu wa kunjira ya kunyanja, ankapeza masamba opindika pakati, ndipo akatsegula munkatuluka tinthu takuda. Sankadziwa ngati n'tomweti, koma anati tikaone.

Mkuyuwo unalipo ndithu, waukulu, nthambi zina zitalendewera pafupi. Masamba anthete ambiri anali opindika, olimba, a mawanga ofiira. Nditatsegula limodzi ndinapeza banja lonse: akuluakulu akuda, ana otuwa, ndi timazira toyera. Anali aakulu kuposa onse amene ndinatolapo. Ndinaika kagalasi, ndipo kumchira kunali kapaipi koonekera bwino. Apongozi ndi amene anandigwirira mbale.

Pobwerera ananena chigamulo chawo. Sipiriti asalowe m'nyumba, chikwama chizikhala m'nkhokwe, ndipo ndizisamba m'manja ndi sopo ndisanatenge udhu, kusamba kwa pokonzekera swala, mapemphero athu. Madzulo ake, anthu atasonkhana kudzapemphera, anaima pakhomo la mzikiti n'kuwauza kuti nkhani ya kachasu ithere pomwepo, popeza aona ndi maso awo chimene mkamwini wawo amanyamula. Apongozi anandipempha kagalasi, ndipo madoda anakapatsirana mmodzimmodzi, akuyang'ana tsamba la mkuyu. Wogulitsa matemba uja anayang'ananso, n'kudzandigwira dzanja.

Timabotolo ndinatumiza kumalo ofufuzira aja, ndipo ndinabwerera ku thonje langa. Mvula itatha, bambo wa tizilombo uja anatulukira yekha kwa Kalembo pa galimoto ya boma. Anati mwa zonse zimene alangizi anatumiza, a mu mkuyu anachokera kwa ine ndekha, ndipo akufuna kukauona mtengowo. Tinapita limodzi mpaka kwa Mposa. Apongozi anavala mkanjo wa pa chikondwerero cha Idi ndi kofia yatsopano, n'kutsogolera okha njira, ana awo ophunzira Kurani kumadrasa akutsatira pambuyo. Pansi pa mkuyu anthu awiriwo anacheza ngati anadziwana kale, wina akufunsa za nyengo imene masamba amapindika, wina akufunsa ngati mathiripisi alinso ku Maka, mzinda woyera wa Asilamu. Bamboyo anayankha kuti ali pafupifupi kulikonse kumene kuli zomera, koma dziko lililonse lili ndi akeake, ndipo a kuno ambiri sanalembedwe n'komwe. Apongozi anamupatsa mpunga wa ku Chilwa kuti akadye ndi ana.

Patapita zaka ndinapitanso kumalo ofufuzira aja kukachita maphunziro obwereza. Bamboyo anandiitanira m'chipinda chake, natulutsa kagalasi kafulati m'bokosi, n'kukaika pa makina oonera tinthu tating'ono. Nditayang'ana, kachilombo kaja ka mu mkuyu kanadzaza diso lonse, ubweya wa mapiko ukuoneka umodziumodzi. Pambali pa kagalasiko panali polembedwa Mposa, mkuyu, ndi dzina langa monga wotola. Ndinaliwerenga mobwerezabwereza. Anati ophunzira ake amaphunzirira pomwepo kusiyanitsa magulu awiri aja.

Nditakafotokoza kwa Mposa, apongozi anali atayamba kale kudwala maso. Anandifunsa ngati dzina la mudzi analilemba bwino, ndipo nditavomera anandiuza kuti ndifotokozenso kuyambira pachiyambi, apongozi aakazi amve nawo.