Petulo wa Mapesi Pansi pa Bwato

Chaka chimene petulo ankasowa chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambiki, ndinali Fomu 2 ku Mangochi, ndipo dzina langa linali litanunkha kale. Chule wa m'thumba la jekete ya ahedi anali ntchito ya manja anga. Koma za bwato la amalume sindinkaseweretsa munthu ayi. Ndinkangofuna kudziwa.

Anayambitsa ndi aphunzitsi a sayansi, munthu wa ku Rumphi wotuluka thukuta ngakhale mu Juni. Anati boma likusakaniza petulo ndi mowa wa nzimbe, ndipo mapesi nawonso ali ndi shuga, kungoti ndi womangika. Chommasula ndi nkhungu.

"Chiswe chimalima nkhungu m'chulu kuti izichifewetsera mitengo," anatero.

"Ndiye chiswe nachonso ndi mchikumbe, sala?"

"Khala pansi, iwe."

Pa holide ndinapita kwa amalume kufupi ndi Makokola. Nyanja inali yotseka, osaloledwa kupha nsomba, ndipo bwato lawo, lomwe linkadyetsa khomo lonse, linali lovundikira pansi pa mtengo wa mango, atalikweza pa miyala. Ine ndinaona mdima ndi chinyezi, malo abwino a nkhungu. Zoti miyalayo ili ndi ntchito sindinaziganizire.

Ndinakumba chulu n'kutulutsa zisa zofewa, zotuwa, zonunkhira bowa. Ndinazisakaniza ndi mapesi oduladula, kuthira madzi, kulonga m'chiguduli, n'kuchikankhira pansi pa bwato mpaka chinagunda mtengo wa bwatolo. M'mawa uliwonse ndinkalowetsa mkono, kutapa pang'ono, kulawa. Shuga ayi. Kunkangomveka dothi, ndiponso kaphokoso ngati mvula yowaza.

Holide itatha ndinachisiya pomwepo chiguduli chija. Nditabwerako kusukulu nyanja inali itatsegulidwa. Amalume anaitana anyamata, natembenuza bwato lija. Chiguduli kunalibe. M'malo mwake munali tinjira ta dothi tokwera kuchokera pansi, titayala m'mimba monse mwa bwato. Amalume anadina ndi chala, chala n'kutulukira kuseri.

"Subhanallah! Chiswe chakwera bwanji miyala?"

"Sichinakwere miyala, amalume. Chinadzera pa sayansi."

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa shuga womangika. Anamvetsera mpaka kumapeto, chala chikadali m'bowo.

"Ndiye petuloyo ali kuti, bwana injiniya?"

"Ali m'mimba mwa chiswe."

"Aah. Injini ndilibe, bwato ndilibe, koma mphwanga wophunzira ndili naye."

Anyamata aja anagwa nazo ndi phwete. Ine ndinali nditagwada kale, ndikufufuta mtengo wa bwato ndi zala. Mtengo umene unakana nkhwangwa unkayoyoka ngati chigumu! Khofi la amalume linandipeza ndili pomwepo, ndikununkhiza.

Chaka chimenecho amalume anakoka makoka a eni ake, ndipo holide yotsatira anandipatsa kasemasema kuti ndiwathandize kusema bwato lina. Matuza anatuluka, inde. Koma zipalapala zonse ndinkazitola, ndipo kuseri kwa khola kunali chulu china chachikulu.