Dzanja pa Mbaula

M'mawa uno fungo la makala onyowa landikumbutsa amayi, kwathu ku Namacula, m'nyengo yozizira. Tsiku lina nditamenya mng'ono wanga, anandigwira dzanja n'kuliyandikiza pa mbaula mpaka ndinakuwa.

"Ukulira kamoto aka, iwe? Nanga wa ku Gehena udzaupirira? Mulungu akuliona dzanja limeneli!"

Ine ndinkaganiza kuti chodzapsa ndi dzanja lokhalo. Kuyambira pamenepo, mtima ukawira ndinkalibisa m'thumba n'kutsegula pakamwa.

Sindinamenyenso munthu mpaka lero. Koma sabata yatha mkazi wanga anakwera chapa, minibasi ya kuno, kubwerera kwawo ku Chimbonila. Potuluka anangoti, "Bambo a Tereza, mawu anuwa andimaliza."

Dzanja ndinalipulumutsa ndithu. Koma lilimeli ndikaima nalo pa chiweruzo.