Mitsuko ya M'khoma la Tchalitchi

Mukafika m'munsi mwa Michesi n'kufunsa mmisiri womanga nyumba, akulozerani kwa a Fletcher Kaliati, bambo wamfupi uja woyenda ndi pensulo pakhutu ngakhale pamaliro. Sukulu anailekeza sitandade faifi, koma khoma lawo silipendekeka. Pakamwa pawo pokha ndi pomwe sipanaikidwepo levulo yowongolera.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa malemu a Noah, amene anamanga tchalitchi chakale cha m'mudzimo, cha njerwa ndi matope, denga la udzu. A Noah anali ndi kamangidwe kawokawo. Akazi awo, a Belita, anali katswiri woumba mbiya, ndiye anawaumbira mitsuko khumi ndi iwiri. A Noah anaikwirira m'khoma, kukamwa kuloza mkati, n'kumata, kungosiya timabowo.

"Mawu akachuluka amafuna pogona," anatero a Noah. "Ukawamana, amayendayenda."

Amene ankawapatsira mitsukoyo umodziumodzi anali a Fletcher omwewa, ndevu zitangoyamba kumera. Ndipo zoonadi, m'tchalitchi muja ngakhale nkhalamba yopanda mano ikapemphera, wa kukhomo ankamva.

Kenako a Fletcher anapita ku Limbe, zaka khumi ndi zisanu. Anabwerako akupembedza simenti. Chilichonse cha dothi ankachitcha zachimidzimidzi, kuiwala kuti kalongonda amene ankadya ankaphikidwa mumphika wa dothi lomwelo.

Namondwe wa Freddy atadutsa, khoma lakumbuyo la tchalitchi linagwa, mitsuko ija n'kuonekera poyera, ina yosweka, ina yathunthu. Anthu anaunjikana. Achinyamata anali asanaionepo, akuluakulu ambiri odziwa anali atatsikira kulichete.

"Amisiri, izi n'chiyani m'nyumba ya Mulungu?" anafunsa a Hector, wotsogolera kwaya.

Apa mpomwe panafunika munthu wotseka pakamwa. Koma a Fletcher, poona gulu, lilime linawayabwa.

"Kafunseni a Belita. Kaya amasungamo mvula."

Anthu anaseka pang'ono, kenako phee. Sabata imeneyo mudzi unali utaika maliro anayi. Nthabwala ija inagwera panthaka yonyowa, ndipo pofika madzulo inali itamera.

Mbiya za a Belita zinaleka kugulidwa. Ana akawaona ankapatuka njira. Pamapemphero a pansi pa mtengo wa mango, amayi ankasendeza chitenje a Belita akakhala pafupi. Lamulungu lachitatu gogoyo sanabwerenso. A Fletcher ankaziona zonsezi. Tsiku lililonse ankati mawa ndikonza. Koma mpingo unali utawapatsa ntchito yomanga tchalitchi chatsopano, ndipo kuvomera kuti a Noah ankadziwa kanthu kunali ngati kunyoza simenti. Mawa uja anakwana chaka ndi miyezi.

Anachimangadi, eeh! Pansi simenti yoterera, makoma pulasitala wosalala ngati galasi, pamwamba malata opanda siling'i. Tsiku lotsegulira abusa anati "Abale," khoma linayankha "abale" katatu. Kwaya itayamba, nyimbo inagundana ndi mchira wake, a Hector n'kumakalipira amayi osalakwa. Mvula itawaza pamalata, ulaliki unasanduka woonera ndi maso. Potuluka, wina ananong'ona kuti a Belita atemberera nyumbayi.

Mawu amenewo anawatsatira a Fletcher mpaka kunyumba. Chakudya chinawakanika.

"Bambo a Promise," anatero akazi awo a Fainess, "mitsuko ija munanyamula ndinu, munandiuza nokha tisanakwatirane. Mudzanena liti? Pamanda pawo?"

M'mawa mwake a Fletcher anakwera njinga. Anapeza a Belita pakhonde akupeta nandolo, mbiya zosagulidwa zitavundikiridwa mzere kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira mu imodzi.

"Odi, amayi."

"Lowani, amisiri a ku Limbe. Mwabwera kudzagula mvula?"

A Fletcher anavula chipewa, anakhala pansi penipeni, padothi lija amalinyoza. Anayamba ndi za malata, za pulasitala, kuzungulira ngati galu wofuna pogona.

"Ndikufuna mitsuko khumi ndi iwiri, amayi. Ndinalakwa."

"Mitsuko si nkhani, manja akadalipo. Koma dzina langa munaliswera pagulu, Fuleti. Pano pakhonde mukuuza nkhuku?"

Lamulungu, zolengeza zitatha, a Fletcher anaimirira kutsogolo n'kunena zonse. Mumtima anapumako, poganiza kuti chatha. Koma khoma lawo lomwe linawapereka.

"Sitinamve kanthu, amisiri," anatero a Hector. "Mwati mitsuko yatani?"

Mpingo wonse unatuluka kukaima pansi pa mango. Kumeneko kunalibe khoma lobisalako. A Fletcher anabwereza pang'onopang'ono kuti mitsuko ija inali yogoneka mawu, kuti anainyamula ndi manja awo, kuti anadziwa kuyambira tsiku loyamba n'kukhala chete. Thukuta linatsika mpaka m'kolala. Ena anagwedeza mutu. Mayi wina kumbuyo anati, "Nayenso amudyetsa."

A Fletcher anagumula pulasitala wawo yemwe malo khumi ndi awiri, anaikamo mitsuko yatsopano, kunsi kwa malata n'kuyalako mphasa za bango. Masiku ano abusa akati "Abale," khoma limangomvera. A Belita anabwerera. Mayi mmodzi wa mumpingomo, a Rozaria, amakhala nawo moyandikana, koma mbali inayo ya benchi pamatsala malo okwana anthu awiri, ndipo a Fletcher, ali kumbuyo, amawayeza ndi maso Lamulungu lililonse ngati mng'alu wa pakhoma.

Tsiku la msika mudzawaona a Fletcher akukankha njinga, mbiya zitamangidwa ndi linya pakaliyala, udzu pakati kuti zisagundane. Amaima okha n'kumaitanira: "Mbiya za a Belita izi!" Dzinalo amalitchula mokweza dala. Ena amagula, ena amalambalala. Madzulo akabweza zotsala, gogoyo amazigogoda imodziimodzi ndi chala kumvetsera ngati yang'aluka, osanena kuti zikomo, osanenanso kuti musabwerenso.